Chikoreya kwa Oyamba Kumene: Phunziro Loyamba

Anzanga a Fomu 1 mpaka Fomu 4, zilembo izi, 한글, si zojambulajambula ayi, komanso si Chitchaina monga amanenera ena akasuzumira m'kope langa. Ichi ndi Chikoreya. Mawu amenewa ndi Hangul, dzina la alifabeti ya ku Korea. Ndakhala ndikuphunzira chilankhulochi kwa miyezi isanu tsopano, ndipo ndikufuna kuti aliyense amene aime pano n'kuwerenga mpaka pansi achokepo akutha kuwerenga yekha mawu angapo. Tulutsani kope ndi cholembera, chifukwa kungoyang'ana ndi maso sikukuthandizani.

Funso limene lili pakamwa panu ndikulidziwa, kunyumba anandifunsa kale. Chingerezi chenichenicho chikutipinda, mayeso a JCE ali pakhomo, ndiye Chikoreya n'chachiyani? Ndi funso labwino. Ine ndimachipatsa mphindi 20 zokha patsiku, ndipo sindibera nthawi ya Masamu. Koma Korea sali kutali monga timaganizira. Dzina la foni ya Samsung ndi mawu awiri a Chikoreya otanthauza nyenyezi zitatu. Magalimoto a Hyundai ndi Kia ndi a komweko. Ku Lilongwe kuli chipatala cha Daeyang Luke chimene anachiyambitsa ndi anthu a ku Korea, ndipo pamalo omwewo amaphunzitsa anamwino. Boma la South Korea lili ndi thandizo la maphunziro lotchedwa Global Korea Scholarship, ndipo ophunzira a mayiko ena akasankhidwa amayamba atha chaka chathunthu akuphunzira Chikoreya. Sindikunena kuti mawa ndikukwera ndege. Ine ndimafuna unamwino, makolo anga ndi alimi, ndiye khomo lililonse limene lingatseguke ndimaliyang'anitsitsa.

Chikoreya chimalankhulidwa ndi anthu pafupifupi 80 miliyoni, ambiri a iwo ali m'mayiko awiri, South Korea ndi North Korea, amene anagawanika mu 1945 n'kumenyana nkhondo kuyambira 1950 mpaka 1953. Chimene tiziphunzira pano ndi cha ku Seoul, likulu la South Korea.

Uphungu wanga woyamba ndi uwu: yambani ndi zilembo zawo, musayambe ndi kuloweza moni wolembedwa m'zilembo zathu. Taonani dzina loti Seoul. Ife tikaliona timafuna kuwerenga se-o-u-lu, maphatikizo anayi. Eni ake amalemba 서울, maphatikizo awiri okha. Zilembo zathu zimanamiza lilime. Pano ndizizigwiritsa ntchito ngati ndodo yoyendera basi, ndipo pakatha sabata ziwiri muitaye.

Chosangalatsa n'choti zilembo zimenezi anazikonza dala kuti zikhale zosavuta. Kalekale anthu a ku Korea ankalemba ndi zizindikiro za Chitchaina, zokwana masauzande, chilichonse chofunika kuloweza pachokha. Amene anali ndi nthawi yochitira zimenezo anali ana aamuna a anthu olemera. Mfumu Sejong, imene inalamulira kuyambira 1418 mpaka 1450, inaona kuti anthu wamba akulephera ngakhale kulemba dandaulo lawo. Mu 1443 inamaliza kukonza zilembo zatsopano 28, ndipo mu 1446 zinalengezedwa m'buku lotchedwa Hunminjeongeum. Si onse anakondwera. Mu 1444 nduna ina yophunzira kwambiri, Choe Malli, inalembera mfumu kutsutsa zilembozi, ndipo kwa zaka mazana ambiri anthu apamwamba ankazinyoza kuti ndi za amayi ndi anthu osaphunzira. Lero nkhope ya Sejong ili pa ndalama yapepala ya 10,000 won, pa 9 Okutobala anthu a ku South Korea sapita kuntchito pokumbukira zilembo zawo, ndipo bungwe la UNESCO lili ndi mphoto ya ntchito yophunzitsa anthu kulemba ndi kuwerenga yotchedwa dzina la mfumuyi. Nkhani imeneyi ine imandikhudza, chifukwa agogo anga aakazi mpaka lero akafuna kusaina amadinda chala.

Zilembo zinayi zinasiya kugwira ntchito, ndiye zatsala 24: malembo opanda liwu 14 ndi malembo a liwu 10. Ndi zochepa kuposa za Chingerezi.

Tiyambe ndi malembo opanda liwu. Asanu oyambirira ndi zithunzi za m'kamwa mwanu momwemo. Nenani "ka" pang'onopang'ono, mumva kumbuyo kwa lilime kukukwera n'kutseka njira. Chithunzi chake ndi ㄱ, ndipo limamveka pakati pa g ndi k. Nenani "na", nsonga ya lilime ikhudza kuseri kwa mano akumwamba: ㄴ. Kabokosi aka ㅁ ndi pakamwa, ndiye ndi m. Aka ㅅ ndi dzino, ndi s. Kozungulira aka ㅇ ndi khosi, ndipo za iko ndinena posachedwa chifukwa kali ndi ntchito ziwiri.

Enawo amabadwa kuchokera kwa asanuwa powonjezera kamzere. Lilime likhale pamene linali pa ㄴ, muike denga pamwamba, mwapeza ㄷ, d. Muwonjezere kamzere pakati, mwapeza ㅌ, th wa mu "thumba". Chimodzimodzi ㄱ amabala ㅋ, kh wa mu "khasu". ㅁ amabala ㅂ, b, ndi ㅍ, ph wa mu "phiri". ㅅ amabala ㅈ, j, ndi ㅊ, tch wa mu "tchire". ㅇ akavala chipewa amasanduka ㅎ, h. Latsala limodzi lopindikapindika ngati njoka, ㄹ. Werengani, akwana 14.

Apa ndi pamene ine ndinaona kuti ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene mzungu alibe. Maphunziro ambiri a pa intaneti anakonzera olankhula Chingerezi, ndipo amatha nthawi yaitali kuwauza kuti agwire kapepala pafupi ndi pakamwa kuti aone ngati mpweya ukutuluka. Ife kapepala n'kachiyani? Mwana wa Sitandade 1 amadziwa kuti "pala" si "phala", ndipo "kola" si "khola". Khutu limenelo ndi limene Chikoreya chimafuna. Kungoti iwo ali ndi magulu atatu pamene ife tili ndi awiri. 풀 ndi udzu, ndipo amayamba ndi ph wathu uja. 뿔 ndi nyanga, ndipo lembo lowirikizalo, ㅃ, ndi p wolimba wopanda mpweya, pafupi kwambiri ndi p wa mu "pala". 불 ndi moto, ndipo ameneyu ndiye wovuta: amalembedwa b, koma kumayambiriro kwa mawu amamveka ngati p wofewa wokhala ndi kampweya pang'ono, liwu lili pansi. Winanso wotero: 달 ndi mwezi wakumwamba, 탈 ndi chigoba chovala kumaso povina, 딸 ndi mwana wamkazi. Mukasokoneza, muuza bambo wina kuti chigoba chawo chakhoza mayeso. Malembo owirikiza alipo asanu: ㄲ, ㄸ, ㅃ, ㅆ, ㅉ.

ㄹ uja nayenso ndi m'bale wathu. Ndi l komanso ndi r, monga mmene ife timanenera "lero" kapena "lira" osaona kuti tasintha kanthu. Pakati pa malembo a liwu amamveka r wopepuka, kumapeto kwa phatikizo amamveka l.

Malembo a liwu ndi mizere basi. Mzere woima, ㅣ, ndi i, ndipo amati ukuimira munthu. Mzere wogona, ㅡ, ukuimira nthaka. Kamzere kakafupi kamene kamamatidwa pa iwo kale kanali kadontho koimira kumwamba. Kakaloza kumanja, ㅏ, ndi a. Kakaloza m'mwamba, ㅗ, ndi o. Kakaloza pansi, ㅜ, ndi u. Timizere tikakhala tiwiri mumayamba ndi y: ㅑ ya, ㅛ yo, ㅠ yu. Onsewa ndi athu omwe. Alendo ndi awiri. ㅓ, woloza kumanzere, amalembedwa eo m'zilembo zathu koma mulibemo e ngakhale pang'ono. Tsegulani pakamwa ngati mukunena a, ndiye munene o milomo isanazungulire. Mnzake wa timizere tiwiri ndi ㅕ, yeo. Mlendo wachiwiri ndi ㅡ uja, amene amalembedwa eu. Nenani u, koma milomo itambasuke ngati mukumwetulira mokakamizika pojambulitsa. Nanga e ali kuti? Ali m'gulu la ophatikiza, ㅔ ndi ㅐ, ndipo achinyamata a ku Seoul amawatchula mofanana onse awiri. Ophatikizawo alipo 11, koma asakuopseni lero.

Tsopano chinsinsi cha timabokosi tija. Chikoreya sichindandalika zilembo pamzere ngati ife. Phatikizo lililonse limamangidwa ngati njerwa imodzi. Mukukumbukira ku Sitandade 1, ma me mi mo mu? Ndi zomwezo. Lembo la liwu likakhala loima, limakhala kumanja: ㄴ ndi ㅏ, 나, na. Likakhala logona, limalowa pansi: ㅁ ndi ㅜ, 무, mu. Ikani pamodzi, 나무, namu, mtengo. Mwawerenga Chikoreya pamenepo. Yesani 나라, nara, dziko. 나비, nabi, gulugufe.

Njerwa siiloledwa kuyamba ndi lembo la liwu lili lokha. Pamenepo ㅇ amabwera kudzangokhala pampando osalankhula kanthu: 아이, ai, mwana, 우유, uyu, mkaka, 오이, oi, nkhaka. Koma ㅇ yemweyo akakhala pansi pa njerwa amalankhula, ndipo liwu lake ndi ng' wa mu "ng'ombe" ndi "ng'oma". 강 ndi mtsinje, 방 ndi chipinda.

Lembo lokhala pansi pa njerwa limatchedwa batchim, ndipo apa ndiye pamene lilime lathu limatipereka. Mawu a Chichewa onse amathera ndi lembo la liwu. N'chifukwa chake tinatenga mawu a Chingerezi n'kuwaveka mchira: buku, sukulu, supuni. Mukachita zimenezo ku Chikoreya sakumvani. 물, madzi, ndi mul, lilime likhale kumwamba komweko. Mukati "mulu" ndiye mwanena mulu wa tomato wa pamsika. 밥 ndi bap: tsekani milomo pa p, osaitsegulanso. Poyamba zimamveka ngati wina wakutsekani pakamwa muli pakati polankhula. Chotonthoza n'choti pansi pa njerwa pamamveka maliwu asanu ndi awiri okha, k, n, t, l, m, p ndi ng', kaya palembedwa lembo lanji. 옷, chovala, chili ndi ㅅ pansi koma chimamveka ot. Ndipo njerwa yotsatira ikayamba ndi ㅇ wosalankhula uja, batchim amadumphira pampando wake: 한국어, dzina la chilankhulochi, amalitchula han-gu-geo.

Mwina museka mukamva kuti nawonso amaveka mchira mawu a Chingerezi. Basi yokwera ija iwo amati 버스, beo-seu. Dziko lathu amalemba 말라위, mal-la-wi, ㄹ awiri kuti l amveke bwino. Ngati dzina lanu ndi Tadala, lembani 타달라. Aliyense ayese lake pachikuto cha kope.

Za chiganizo ndinena mwachidule. Mneni amakhala kumapeto nthawi zonse. Ife timati "Ine ndimamwa madzi". Iwo amati 저는 물을 마셔요, jeo-neun mu-reul ma-syeo-yo, ndiye kuti "Ine madzi kumwa". Tizidutswa timene timamatidwa kumapeto kwa dzina ndi timene timaonetsa ntchito yake: 는 akuloza amene tikukamba za iye, 을 akuloza pamtherankhani. Pamene ife timaika ku- kutsogolo, "kusukulu", iwo amaika 에 pambuyo: 학교에 가요, hak-kyo-e ga-yo. Ndipo tamverani izi, inu amene magulu a mayina amakuzunzani pa phunziro la Chichewa: Chikoreya chilibe magulu a mayina, chilibe agwirizanitsi. 가요 yemweyo ndi ndikupita, ukupita, akupita, tikupita. Wa ku Korea atati aphunzire "chingwe changa chachitali" ndi "mudzi wanga waukulu" angalire kuposa ife.

Gawo limene ndimalikonda kwambiri ndi la ulemu, chifukwa ndimangoona ngati ndili kumudzi kwathu. Chingerezi chili ndi liwu limodzi loitanira mwana ndi agogo omwe. Ife tili ndi iwe ndi inu, "bwera" ndi "bwerani". Chikoreya chimachita zimenezi kumapeto kwa mneni. 가 ndi "pita", kwa mng'ono wako kapena mnzako wapamtima. 가요 ndi waulemu wa tsiku ndi tsiku. 갑니다, gam-ni-da, ndi wa pamsonkhano, pa nkhani za pa wailesi ndi kwa asilikali. Woyamba kumene agwire wa 요, sangalakwire munthu. Samalani ndi mafilimu a ku Korea amene timaonera ku vidiyo pamsika: anthu okondana kapena okangana mmenemo amalankhula chopanda 요, ndipo kulankhula choncho kwa munthu wamkulu ndi chimodzimodzi kuwauza a hedi kuti "iwe".

Iwo amapitirira pamenepo. Pa zinthu zina akuluakulu ali ndi mawu awoawo. Mwana akamadya ndi 먹어요, meo-geo-yo, koma agogo akamadya ndi 드세요, deu-se-yo. Mphunzitsi satchulidwa dzina lokha, ndi 선생님, seon-saeng-nim, ndipo nim ameneyo amagwira ntchito ngati a- wathu wa mu "aphunzitsi". Mayi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, monga timanenera kuti "amake a uje". Polandira chinthu kwa wamkulu amalandira ndi manja awiri, kapena dzanja lamanja lina litagwirizira. Ndani pano sanakalipiridwepo chifukwa cholandira ndi dzanja limodzi?

Mayina a pachibale amatengera amene akulankhula, monga "mlongo" wathu amasinthira tanthauzo kutengera kuti wanena ndi mnyamata kapena mtsikana. Ine monga mtsikana, achimwene anga aakulu ndi 오빠, oppa, ndipo achemwali anga aakulu ndi 언니, eonni. Mnyamata amati 형, hyeong, kwa achimwene ake ndi 누나, nuna, kwa achemwali ake. Anyamata a Fomu 2, chonde musamaitanane oppa pa bwalo la mpira.

Moni woti muloweze sabata ino ndi uyu. 안녕하세요, an-nyeong-ha-se-yo, amagwira ntchito m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo mumaweramitsa mutu pang'ono. 감사합니다, gam-sa-ham-ni-da, ndi zikomo. 네, ne, ndi inde, 아니요, a-ni-yo, ndi ayi. Potsanzikana, wotsala amauza wopita kuti 안녕히 가세요, ga-se-yo kumapetoko, ndipo wopita amauza wotsala kuti 안녕히 계세요, gye-se-yo. Mabuku a Chingerezi amavutika kufotokoza kusiyana kwake. Ife tingoti "pitani bwino" ndi "tsalani bwino", nkhani yatha. Palinso moni wina wofunsa ngati munthu wadya, 밥 먹었어요? Bap ndi mpunga wophika, koma amatanthauzanso chakudya chonse, ngati mmene kwathu munthu amene sanadye nsima amanenera kuti sanadye. Mpunga uli m'munda ndi 벼, wosaphika ndi 쌀, wophika ndi 밥, monga chimanga, ufa ndi nsima.

Manambala ali pawiri. Akwawo enieni ndi hana, dul, set, net, daseot, amene amawerengera zinthu, zaka za munthu ndi maola. Ochokera ku Chitchaina ndi il, i, sam, sa, o, a ndalama, madeti ndi mphindi. Si zachilendo kwa ife amene timati mbuzi zitatu koma pogula timatchula mtengo m'Chingerezi. Amenewa tidzawaona bwino m'phunziro lina.

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi zofewa. Zilembo mungazigwire m'masiku ochepa, koma kuwerenga si kumva. Mawu a Chikoreya safanana ndi athu kapena a Chingerezi, kupatula obwereka aja, ndiye lililonse n'lofunika kuloweza. Sukulu ya boma la America yophunzitsa akazembe zilankhulo, Foreign Service Institute, imaika Chikoreya m'gulu la zovuta kwambiri kwa olankhula Chingerezi, maola 2,200 a m'kalasi. Pa ola limodzi patsiku ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mayeso ake odziwika amatchedwa TOPIK, ali ndi magawo kuyambira 1 mpaka 6, ndipo ine maso anga ali pa gawo 1 kaye.

Nanga wopanda foni aphunzira bwanji? Inenso ndilibe. Ya achimwene ndimaigwira Loweruka lokha, akaitchajitsa pamsika, ndipo bando yake ndimagula ndi ndalama ya zitumbuwa. Tsiku limenelo ndimaligwiritsa ntchito pa chinthu chimodzi chimene kope silingandipatse: kumva mmene eni ake amatchulira. Bungwe la King Sejong Institute lili ndi maphunziro aulere pa intaneti, ndipo pa YouTube pali ambiri a oyamba kumene. Ndimamvetsera, kubwereza mokweza, kenako kukopera mawu 30 m'kope, a sabata yonse, asanu patsiku. Masiku enawo sipafunika magetsi. Ulendo wobwera kuno ndi ola lathunthu wapansi, ndipo ndimayenda ndikutchula zimene ndikuona: namu, gang, mul. Pamjigo mzere ukatalika ndimalemba zilembo pansi ndi kamtengo. Polemba yambani pamwamba kutsikira pansi, kumanzere kupita kumanja, apo ayi njerwa zanu zituluka zopotoka. Ndipo pezani mnzanu, chifukwa moni sapatsana munthu mmodzi. Ife tilipo atatu, timakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa Fomu 2 Lachitatu lililonse pa buleki yaikulu.

Nayi ntchito yanu. Mawu ali m'munsiwa mumawadziwa kale onse, ndi zinthu ndi malo amene mayina ake mumawamva tsiku lililonse. Dziwani kuti Chikoreya chilibe f, v ndi z, ndiye f amalowedwa m'malo ndi ㅍ, z ndi ㅈ.

바나나, 토마토, 라디오, 피아노, 잠비아, 탄자니아, 아프리카, 모잠비크

Lembani mayankho pakapepala pamodzi ndi dzina lanu m'zilembo za Hangul, muponye m'bokosi la kalabu ya zolembalemba pofika Lachisanu. Mayankho ndidzamata pomwe pano Lolemba, limodzi ndi phunziro lachiwiri la malembo a liwu ophatikiza 11 aja. Amene akumatula mapepala pakhoma pano kukakulungira mtedza, chonde lino mulisiye mpaka Lolembalo.